Chikopa cha Mbuzi ya Chinkhoswe

Kwathu ku Phalombe munthu ali ndi khungu, ndipo mbuzi ikasendedwa chotsalacho ndi chikopa. Ndili mwana mawu awiriwa ndinkawamva tsiku lililonse. Miyendo yanga ikatuwa m'nyengo yozizira, amayi ankati, “Khungu lakoli lauma ngati chikopa, kadzole mafuta.” Koma chikopa chenichenicho sichinali chonyozeka pakhomo pathu. Bambo ndiwo ankakunga ng'oma za kutchalitchi kwathu kwa Akatolika, luso limene anatengera kwa bambo awo amene anachokera ku Mozambique. Mbuzi ikaphedwa m'mudzi, ena ankafunsa za chiwindi, bambo ankafunsa za chikopa.

Nditalemba mayeso a Fomu 4, amalume, mlongo wawo wa amayi, ananditenga kuti ndidzaphunzire zowotcherera pa kasukulu kena ka ntchito zamanja kufupi ndi Ginnery Corner. Ankakhala ku Chitawira, m'nyumba ya mpanda wa njerwa, ndipo ine anandipatsa kachipinda ka kuseri. Akazi awo kumudzi tikanawatchula azakhali, koma iwo anandiuza ndikungotsitsa chikwama kuti ndizingoti anti. Tsiku lomwelo amalume anandiitanira pambali.

“Nyumba ino mwini wake ndi anti ako,” anatero motsitsa mawu. “Panakhalapo wachibale wina m'kachipindako. Anabwerera kumudzi sukulu yake isanathe. Anti ako akadzati basi, ine sindidzatsegula pakamwa. Wamva?”

Ndinamva. Kumudzi kunalibe chondidikira kupatula khasu. Choncho ndinkadzuka anthu onse asanadzuke, n'kusesa bwalo, kutsuka galimoto, kukolopa pakhonde. Anti akatsokomola ndinkaimirira. Sanali munthu wankhanza. Ankagwira ntchito mu ofesi m'tauni, kumpingo kwawo kwa Apresibateriya anali mmodzi wa atsogoleri a amayi, ndipo ankafuna chinthu chilichonse chikhale pamalo pake.

Mu Disembala, mvula itakhazikika, kunali chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, msuweni wanga. Bambo anatumiza mbuzi pa matola, tonde wofiirira amene ndinkamudyetsa ndekha ndisanachoke kumudzi. Mbuziyo itangofika, anandiimbira foni.

“Usende wekha. Usalole anthu a m'tauni acheke chikopacho ndi mipeni yawo. Ng'oma yaikulu ija yang'ambika, ndikufuna ndidzaikunge Pasaka isanafike. Uchiyanike bwino, ukadzabwera udzabwere nacho.”

“Chabwino, bambo.”

Lachisanu ndinaipachika mbuziyo pa mtengo wa mapeyala umene unali pakati pa bwalo. Mpeni umangoyambitsa, kwinako ndi ntchito ya chibakera, kukankha pang'onopang'ono pakati pa nyama ndi chikopa. Chinatuluka chathunthu, chopanda bowo. Anti anaima pakhomo la khitchini akuonerera, manja ali m'chiuno.

“Koma mwana iwe uli ndi manja,” anatero.

Aka kanali koyamba kundiyamikira chibwerereni. Ndiye anapitiriza, akuloza ndi chibwano.

“Icho ukataye kutali, osati mu bini yathu. Mawa kubwera anthu, sindikufuna ntchentche.”

Pakamwa panga panatseguka kuti ndinene za ng'oma, koma mawu amene anatuluka anali akuti, “Chabwino, anti.” Ndinaopa kuwononga chiyamikiro chija chisanazizire n'komwe. Ndinadziuza kuti ndichiyanika mobisa, chikauma sichinunkha, ndipo aliyense akhala atamvera zomwe anafuna.

Kwathu kuyanika chikopa si nkhani. Umachitambasula pansi, mbali ya nyama kumwamba, n'kuchikhomera ndi zikhomo kuzungulira m'mphepete. Umapala mafuta, umawaza phulusa, dzuwa limamaliza. Koma bwalo la amalume linali la simenti kuchokera pa geti mpaka kumpanda wa kuseri. Ndinazungulira nyumba yonse chikopa chili m'manja, kufunafuna dothi loti chikhomo chingalowe, osalipeza. Pomaliza ndinakwera pa denga la kachipinda kanga, ndinachitambasula pa malata n'kuchipsinja ndi njerwa. Phulusa ndinakokola pa mbaula, longodzaza dzanja.

Loweruka, anthu akuvina ndi kufupa pachinkhoswe, ine maso anali kumwamba. Akhwangwala anali atachipeza. Ankatera pa denga, kuuluka, kubweranso ndi anzawo. Ndinkanyamula mbale za alendo mtima uli pa malata. Chakumasana kunagwa mvula yamphamvu, anthu anathawira mu tenti, ine ndinazemba n'kukatsitsa chikopa chili chonyowa ngati chiguduli. Ndinachiyala pa saka pansi pa bedi langa n'kutseka chitseko.

Masiku otsatirawo dzuwa linkangosuzumira n'kubisalanso. Likatuluka anti anali pakhomo, anti akachoka kunkachita mdima. Ndinkachikweza pa denga, ndinkachitsitsa, ndinkachikwezanso. Kusukulu ndinkagwira chitsulo maganizo ali ku mitambo, moti mphunzitsi anandifunsa ngati kumudzi kwagwa zovuta. Kenako chinayamba kununkha. Poyamba fungo linali la m'chipinda mwanga mokha, ndipo ndinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi thaulo. Koma linalowa mu bulangete, m'malaya, mpaka ndinayamba kulimva pa khungu langa lomwe. Ndinkasamba ndi sopo wochapira, kudzikhula ndi mwala mpaka mikono kuyabwa. Msuweni wanga anandipeza ndikutsuka mbale, anakweza mphuno.

“Kazeni, mafuta mukudzola masiku anowa ndi a kampani yanji? Mundiuze ndisadzawagule.”

Ndinaseka naye.

Anti anayamba ndi khoswe. Anati m'nyumba mwafera khoswe, ndipo anandipatsa tochi kuti ndikwere mu siling'i ndikamufune. Ndinakwera. Ndinakwawa pa mitanda m'fumbi lotentha, ndikuunika ngodya iliyonse, kufuna chinthu chimene ndinkadziwa kuti kulibe. Iwo anali pansi atagwira makwerero.

“Wamupeza?”

“Ayi, anti.”

“Unika bwino cha kuchipinda kwathuko.”

Ndinaunikadi bwino. Ndikanampeza khoswe wakufa tsiku limenelo ndikanathokoza Mulungu.

Lachinayi la sabata imeneyo amayi a kumpingo ankayenera kudzasonkhana kunyumba kwathu, ndiye anti sanagone nalo fungolo. Lachiwiri ataweruka kuntchito anayamba kulilondola ndi mphuno, kuchoka kukhitchini, kudutsa pa mtengo wa mapeyala, mpaka kuseri kwa kachipinda kanga. Ine ndinali m'katimo, nditakhala pa bedi, chikopa chili pansi panga. Ndinamva nsapato zawo zikuima pafupi ndi zenera. Kuseri kwa mpanda wa pamenepo kunali nyumba ya mayi wina wachikulire, wamasiye, amene ankaweta nkhuku. Paipi ya zonyansa ya nyumba yawo inkadutsa m'munsi mwa mpandawo. Iwo ndi anti ankapatsana moni wa pa geti basi.

“Aneba! Aneba, muliko?”

“Tiliko, amayi. Kwagwanji?”

“Paipi yanuyi yaphulika. Ife kuno sitikupuma.”

“Paipi yanga? Inetu ndimati fungoli likuchokera kwanuko, kungoti ndinaleredwa, sindinafune kulankhula.”

“Kwanga kuno? M'nyumba mwanga simununkha, amayi. Ngati si paipi ndi nkhuku zanuzo. Kuno ndi kutauni, khola lake ndi kumudzi.”

“Nkhuku zangazi mwazipeza, mayi. Mukubwera kuno ndi kasutikesi kamodzi zinali zikuikira kale.”

Mawu anakwera. Anti ananena kuti akadandaula kukhonsolo. Mayi aja anati apite, awasonyeze ndi njira yomwe. Ine ndinagwira chitseko kuti nditsegule, ndinachisiya, ndinachigwiranso. Mpaka onse analowa m'nyumba zawo ndisanatuluke.

M'mawa mwake ndinachikulunga chikopacho m'majumbo, wina mkati mwa mnzake, n'kuchiika m'chikwama cha kusukulu. Ndinaganiza za Limbe. Ndinali nditaonako anthu osoka nsapato m'makonde a masitolo, ndipo ndinati anthu ogwira zikopa tsiku lililonse sangalephere kundiuza chochita, mwina kundisungira kumene amayanika zawo. Ndinadutsa pa geti la sukulu osalowa, n'kukakwera minibasi pa Ginnery Corner. Ndinakhala mpando wa kumbuyo, chikwama chili pakati pa miyendo. Mawindo anali otseka chifukwa kunkawaza.

Sitinapite patali. Mayi wina anayamba kudzikupiza ndi nsalu. Bambo wa tayi anayang'ana pansi pa nsapato zake.

“Adalaiva, tachepetsani,” anatero kondakitala. “Muno wina wakwera ndi malemu.”

“Musandiyang'ane ine, ndanyamula tomato,” anatero mayi uja.

Kondakitala anayamba kununkhiza mzere ndi mzere ngati galu wa alenje, anthu akuseka. Atafika kwa ine anabweza mutu.

“Aise, m'chikwamamo muli ndani?”

“Ndi chikopa.”

“Cha ndani?”

“Cha mbuzi.”

“Mbuziyo inafa nthawi ya atsamunda? Tsika, mphwanga. Udikire galimoto ya zinyalala, imeneyo sakulipiritsa.”

Ananditsitsa tisanafike pa Maselema. Kotsalako ndinayenda wapansi, mutu uli pansi, ndikupatukira aliyense wobwera kutsogolo kwanga.

Ku Limbe mawu akuti chikopa anali pakamwa pa aliyense. Anyamata ogulitsa nsapato za pa kaunjika ankafuula kuti, “Chikopa chenicheni ichi, bwana, cha kunja!” Wina ankayatsa machesi pansi pa lamba kuti wogula aone kuti si pulasitiki. Mtsikana wina ankasisita chikwama cha m'manja n'kuchinunkhiza akumwetulira. Anthu ankachifuna chikopa, ankachigwiragwira, ankakangana mtengo wake, ndipo ine ndinkadutsa pakati pawo ndi changa kumsana, iwo n'kumapatuka atagwira mphuno.

Ndinapeza bambo wina wosoka nsapato atakhala pa kabenchi pakhonde la sitolo ya nsalu. Ndinanjuta, ndinapereka moni, ndinafotokoza zonse kuyambira ng'oma. Anandimvetsera akusoka. Kenako anati titsegule cha kuseri, kuti mwini sitolo angatithamangitse tonse. Anatsina ubweya ndi zala, ndipo unathothoka wonse osalimba. Anakanikiza chala chachikulu pakati pa msana, chala chinalowa. M'makwinya munali mphutsi.

“Achimwene, ichi chatha,” anatero akupukuta chala pa udzu. “Nyengo ino mukanathira mchere tsiku lomwelo. Komanso ife sitiyanika zikopa, timagula zofufuta kale. Apa mwina m'mphepetemu mungadulepo kachikopa ka legeni. Katayeni kuseri kwa msikako.”

Ndinapitadi kuseri kwa msika, pa mulu wa zinyalala. Ndinatulutsa jumbo ija, ndinaiika pansi. Ndinayenda pang'ono, ndinacheuka, galu anali atayamba kale kuizungulira. Ndinabwerera n'kuitolanso. Sindinkatha kuona m'mene ndingawauzire bambo kuti chikopa cha tonde uja ndachisiya pa zinyalala za mumsika. Ndinadziuza kuti mwina wosoka nsapato sadziwa za ng'oma, mwina chikauma chilimba, mwina bambo apezapo mbali ya kang'oma kakang'ono.

Ndinakumbukira kuti ku Mandala ndinaonako mitengo ikuluikulu ndi dothi m'mbali mwa misewu. Ndinayenda ulendo wonsewo kubwerera, kudutsanso pa Ginnery Corner ndikubisa nkhope kuti anzanga a kusukulu asandione. Ku Mandala dothi linalipodi, koma lililonse linali ndi mwini wake. Ndikangoima pansi pa mtengo n'kuvula chikwama, mlonda ankatulukira pa geti n'kundifunsa amene ndikumufuna. Pamalo pena ndinathyola timitengo ta zikhomo, ndinayamba kutisongola ndi mwala, agalu a mumpanda anayamba kuuwa osalekeza. Kenako mvula inagwa. Ndinabisala pansi pa mtengo, timitengo tili m'manja, mpaka ndinazindikira kuti ndilibe kwina kopita nacho koma kumene ndachichotsa.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Anti anali atapempha kuweruka msanga, ndipo ndinawapeza pakhonde akupukuta makapu a alendo a mawa lake. Ndinapereka moni ndikufuna kudutsa. Anaika kapu pansi.

“Taima. Fungo lija linachoka m'mawa. Chiwerukireni kuno kunali bwinobwino, mpaka ndimati aneba akonza paipi yawo. Tsopano lalowanso pa geti. Tsegula chikwamacho.”

Ndinagwada pa simenti n'kutsegula. Anayang'ana nthawi yaitali atatseka pakamwa ndi dzanja. Ndinafotokoza za bambo, za ng'oma, za denga, mawu akutuluka moduka. Sanakalipe.

“Ndipo ndikukukweza mu siling'i muja unkadziwa?”

“Inde, anti.”

“Ndikukangana ndi mayi aja unali kuti?”

“M'chipinda.”

Anapukusa mutu. “Ukanangonena kuti alamu akuchifuna. Firiji yaikulu ija ili theka. Ndikanachikulunga n'kuchiika pansi pa nyama mpaka tsiku lopita. Kodi ine ndimaluma?”

Za firiji sizinandibwerepo m'mutu ngakhale kamodzi. Ndinkaipukuta pamwamba tsiku lililonse, koma ndinali ndisanaitsegulepo popanda kutumidwa.

Anandipatsa foni yawo kuti ndiwaimbire bambo pomwepo. Bambo anafunsa ngati ubweya ukuthothoka. Ndinati inde. Anafunsa ngati chala chikulowa. Ndinati inde. Ndinkamva mbuzi zikulira kumbuyo kwawo.

“Kakwirire,” anatero. “Anti ako usawavutitse.”

Anti anavala nsalu pamwamba pa zovala za kuntchito. “Nyamula. Tikupita kwa aneba.”

Tinazungulira mpanda, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi jumbo. Mayi aja anatsegula geti pang'ono, nkhope itauma.

“Mwabwera ndi a khonsolo?”

“Ndabwera ndi paipi ija, amayi,” anatero anti. “Ndi iyi yaima apayi. Ndinakulakwirani dzulo. Ndinalankhula mawu osayenera kwa munthu wamkulu. Pepani.”

Anti ananjuta. Ndinali ndisanawaonepo akunjutira munthu. Mayi aja anasuzumira mu jumbo, anabwerera m'mbuyo, kenako anayamba kuseka mpaka kugwira geti.

“Mayo ine! Ndiye nkhuku zanga zapulumuka? Iwe mnyamata, kwanu n'kuti?”

“Ku Phalombe, agogo.”

“Ndimadziwa. Anthu a kumeneko ngakhale nyanga satayako. Lowa, khasu lili apo. Kakumbe kuseri kwa khola, ukumbe mozama, agalu angafukule.” Ndiye anatembenukira kwa anti. “Zatha, mayi. Koma za kasutikesi zija sindibweza, chifukwa ndinakaona ndi maso angawa.”

Anti anaseka nawo, kuseka kwa mano okha. Ine ndinakumba dothi lofewa la kuseri kwa khola, lokhala ngati la kwathu, n'kukwirira. Ndikukumba ndinkamva mayi aja akuitana mnzawo wa nyumba ina kuti adzamve nkhaniyi.

Pobwerera anti sanandiyang'ane. Titafika pa geti lathu anangoti, “Ndakhala m'dera lino zaka zonsezi, sindinapepesepo pa geti la munthu.” Analowa m'nyumba.

Lachinayi amayi a kumpingo anabwera, ndipo nkhani inali itawafika kale. Ndinkawamva ali pabalaza, wina akufunsa ngati paipi ija ilipo kuti aione. Ndinachapa bulangete, ndinakolopa kachipinda kanga ndi mankhwala a m'chimbudzi, ndinatsegula zenera. Anti ankandiyankha moni, ankandisiyira chakudya, koma anasiya kundituma. Ndinkaima pafupi ndi khitchini kudikira kuti anene kanthu koti ndichite, iwo n'kumachita okha. Galimoto ndinkaitsuka ngakhale ili yoyera. Phazi lililonse lobwera kuseri ndinkati ndi amalume.

Anabwera Lamulungu, atachoka kutchalitchi, asanavule jekete. Anakhala pa bedi langa, ine ndinakhala pansi.

“Kumudzi subwerera,” anatero. “Pamenepo ndalimbapo, ndipo anti ako sanakane. Akuti sukulu umalize. Koma akuti sangakhale ndi munthu amene sakudziwa chimene wasunga pansi pa bedi.”

Ndinafuna kunena kuti sizidzachitikanso, koma iwo anali atayamba kale kufotokoza za mnyamata wina, mwana wa mnzawo wa kuntchito, amene ankachita lendi kachipinda ku Zingwangwa ndipo ankafuna wokhala naye. Chakudya ndizidzionera ndekha ndi maganyu a zowotcherera Loweruka. Kusukulu ndiziyenda wapansi.

Anandiperekeza pa galimoto chaka chatsopano chitangolowa. Anti anali atapita kuntchito, koma pakhonde anandisiyira poto, mbale ndi matilesi aang'ono atamangidwa ndi chingwe. Msewu wa ku kachipindako unali utakumbika ndi madzi, galimoto sinathe kufika. Amalume anaima pa mphambano osazimitsa injini, anandilozera nyumba ya chitseko chobiriwira kumtunda, n'kutembenuka. Ndinasenza matilesi pamutu, poto m'manja, n'kuyamba kukwera ndikuterereka m'matope. Mnyamata uja anali pakhomo akutsuka mano. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, analavula, n'kundifunsa ngati ndimachita nkonono.